Mabenchi a Apongozi Anga

Lolemba

Ndabwerako kukosi ya ku Ndola! Mutu wadzaza mpaka m'makutu. Tinkagona cha ku Northrise, kudya buledi wopaka batala, n'kumaphunzira njira yatsopano yophunzitsira ana a dziko latsopano. Ufulu tinalandira, mkuwa ukugulidwa ngati zitumbuwa, nanga ana athu azingolirabe pamodzi ngati achule a m'dambo? Iyayi.

Njirayo mwachidule:

- mabenchi asayang'ane kutsogolo ngati m'tchalitchi, ana akhale m'timagulu moyang'anana
- mphunzitsi asaime pabolodi ngati mlaliki, aziyendayenda pakati pa ana
- alankhule pang'ono
- ana azidzipezera okha mayankho
- ndodo ayi!

Lachisanu kukubwera insipekitala, mzungu wina wongofika kumene m'dziko muno. Akaiona njirayi ikuyenda pasukulu panga, ndisiya kukhala wogwirizira, ndikhala hedimasitala weniweni. Ndipo nyumba ya hedimasitala, ija yakhala yotseka kuseri kwa ofesi chichokereni aHedi akale kupita ku Lusaka kukavala tayi, ikhala yanga. Magetsi. Mpopi m'kati. Mtengo wa mango. Khomo loti munthu n'kulowa osatsokomola!

Pakuti pano ndikukhala m'nyumba ya apongozi anga, aNambewe, ku komboni ya Buchi kuno ku Kitwe. Ine, mkazi wanga Enelesi ndi ana athu, m'kachipinda ka kumbuyo. Chikamwini cha m'tauni. Ndikafika pakhomo ndimatsokomola kuti iwo apeze mpata wotulukira khomo linalo. Chikwatirireni sindinawayang'anepo kumaso, sitinalankhulanepo, monga mwa mwambo wa kwathu kum'mawa. Ndimawadziwa ndi zidendene ndi mawu basi.

Vuto lilipo limodzi, laling'ono. ANambewe ndi mphunzitsi wa Giredi Wanu pasukulu pangapa.

Masana, msonkhano wa aphunzitsi. Ndikulankhula m'Chingerezi, moyenera munthu wochokera kukosi, nditayang'ana kabati. Apongozi ali panja, pansi pa windo, akuluka juzi. Misi Chanda, mtsikana wa Chibemba wongotuluka kumene kukoleji, akuomba m'manja pa mfundo iliyonse. Bambo Sakala, amene anayamba kuphunzitsa ine ndisanamere mano, akufwenthera fodya wawo. Akuti: "Ana akamadzipezera okha, aHedi, ife tizibwera kudzatani? Kudzalondera mabenchi?"

Pansi pa windo pangomveka singano zolukira.

Ndikanangoti ndilankhule nawo ndekha pang'ono pokha, akanamvetsa! Enelesi akuti ndidekhe, tambala wofiira amene amayi ake akuweta kuseri ndi wanga. Tsiku lina adzamupha, adzandiitana, tidzadya pamodzi, manyazi n'kutha. Uyu ndi tambala wachitatu kumumvera zimenezi. Woyamba anafa ndi chitopa, wachiwiri anadyedwa ndi abusa.

Lachiwiri

Mabenchi akukokedwa m'makalasi onse. Phokoso lake lokoma bwanji! Ndi phokoso la chitukuko.

M'makalasi onse kupatula imodzi. Kumapeto kwa khonde, Giredi Wanu ikuimba monga mwa masiku onse: a, e, i, o, u! Amayi ogulitsa tomato kumsika akuti amadziwira pomwepo kuti kwacha.

Kulowamo sindingathe. Ndikutuma Misi Chanda. Ndikumufotokozera bwinobwino m'Chingerezi mfundo ziwiri zokha, zosavuta, kuti akawauze mwaulemu. Sindikukumbukira kuti Chinyanja chake ndi chija chongogulira tinsomba ta kapenta kumsika.

Akubwerako akumwetulira. "Ba Hedi, nawauza bwino bwino. Nakamba ati apongozi anu akuti muleke kukamba maningi, muziyendayenda monga ine."

Akuti apongozi anangokhala pampando n'kugwira pamtima.

Mayo ine! Kuyendayenda! Kwathu mkazi woyendayenda si woyenda pakati pa mabenchi ayi. Mayi wamasiye, mmodzi wa akuluakulu pakati pa amayi a mpingo, kuuzidwa kuti ndi wolongolola ndipo ayambe kuyendayenda. Ndipo mawuwo achokera kwa mkamwini wodya m'mbale zawo!

Madzulo ndikutsokomola pakhomo. Palibe akusuntha. Ndikutsokomolanso. Ndikutsokomola mpaka aneba akutuluka kudzafunsa ngati ndi chifuwa cha kumgodi. Pomaliza Enelesi akunditsegulira la kumbuyo, nkhope yolimba, koma mapewa akugwedezeka.

"Atate ake a Dalitso, amayi akufunsa kuti ayambire biyaholo iti, ya kuno ku Buchi kapena ya ku Mindolo?"

Ndiwo zanga lero: therere lopanda mchere. Enawo ndikumva akutafuna nsomba.

Komabe makalasi enawo ali m'timagulu. Sindikugonja.

Lachitatu

Ndodo zonse ndasonkhanitsa, ndatsekera mu ofesi. Mtolo wake ungamangire nkhokwe. Ana akuvina pabwalo, ena akundigwira dzanja. Ndikumva ngati Mose!

Pofika nthawi yopuma, mpanda wa mabulosi wa kuseri kwa zimbudzi wafupika. Palibe mphunzitsi ndi mmodzi yemwe amene akudziwa chifukwa chake.

Dzulo ndinalamula kuti mwana aliyense abweretse zitsekerero za mabotolo zowerengera masamu, monga anationetsera ku Ndola. Abweretsa, ana abwino! M'matumba a shuga, m'masokosi, wina m'chisoti cha kumgodi cha atate ake. Kumene atola ndi kumodzi. Sukulu yonse ikununkha ngati Loweruka la malipiro.

Mkulu wina wa mpingo watumiza mawu. Akufuna kudziwa chifukwa chake mwana wake wamkazi anaoneka dzulo akukwawa pansi pa matebulo kubiyaholo, akunena kuti aHedi ndiwo atituma. Ndiye ku Buchi konse kwamveka kuti hedimasitala watsopano akutumiza kumowa apongozi ndi ana omwe.

Ndikulowa m'kalasi ya Bambo Sakala kukapeza chitonthozo. Ndawapeza miyendo pa tebulo, nyuzipepala kumaso. "Ndikutsata njira yanu, aHedi. Ndalankhula pang'ono. Akudzipezera okha."

Zimene ana a Bambo Sakala adzipezera okha lero:

- zitsekerero zimakoma kusewerera nsolo
- chitsekerero choponyedwa ndi mphira chimafika pa khutu la mnzako wa gulu lachitatu
- windo limatseguka
- mango a kunyumba ya hedimasitala apsa

Mango anga! Ndisanalawe ndi limodzi lomwe!

Kwa Misi Chanda zinthu zikuyendako, kungoti gulu lililonse lasankha pulezidenti wake, ndipo magulu awiri sakulankhulana.

Kumapeto kwa khonde: ba, be, bi, bo, bu! Lero mokweza kuposa kale. Lipenga la kumgodi lalira, sitinalimve.

Lachinayi

Nzeru zabwera m'bandakucha. Ngati sindingalankhule ndi apongozi, mabenchi okha ndingalankhule nawo. Ndikupita kusukulu mame asanakamuke, ndikulowa m'kalasi mwawo mulibe munthu, ndikukoka mabenchi ndekha kuwaika m'timagulu. Olemera ngati mabokosi a maliro. Msana wanga wanena mawu.

Ndikubisala kuseri kwa thanki ya madzi kuti ndione. Hedimasitala wathunthu, mu suti, kuseri kwa thanki!

Zidendene zija zikufika. Zikuima pakhomo. Mawu awiri okha: "Ana inu." Tiana tija, toti sitingathe kunyamula ndi ndowa yomwe, tabweza mabenchi onse m'mizere ine ndisanawongole msana.

A, e, i, o, u!

Masana, tsiku la amayi a mpingo. Ndikuona mabulauzi oyera ndi mipango yakuda zikulowa pachipata, akuimba nyimbo ija ya wochimwa wobwerera kwawo. Akukhala pansi pakhomo pa ofesi, miyendo yotambasula. Wamkulu wawo akuti: "Mwana wathu, tamva kuti munatumiza mawu kwa aNambewe. Tabwera kudzawamva ndi makutu athu."

Ndikufotokoza. Sakumva. Ndikufotokozanso, ndikutchula Ndola, ndikutchula chitukuko. Maso ali gwa. Basi ndikutulutsa mipando panja, ndikuiika m'timagulu, ndikuyamba kuyenda pakati pake, manja kumbuyo, kuwerama apa, kugwedeza mutu apo, msana ukundikokera kumanzere.

Wina wayamba kuseka. Kenako onse. Akugwirana, akupukuta misozi ndi mipango, wina wagona chagada pa udzu. "Ndiye kuyendayenda kwake n'kumeneku? Mukanangoti azizungulira, mwana wathu! Chingerezi chikupheni!"

Mlandu watha. Ndipepese ndi paketi ya shuga. Ndikuseka nawo limodzi, ndipo kunena zoona mtima wapepuka ngati ndatula thumba la makala.

Asananyamuke akundisiyira yankho la apongozi. Akuti zamveka, palibe chakukhosi. Akutinso mabenchi awo anayang'ana kutsogolo nthawi ya Federesheni, ayang'anabe kutsogolo mu ufulu.

Ndiye mawa ndichita chonchi:

- mlendo ndimulandire ndi tiyi
- kalasi ya Misi Chanda
- tiyi
- kalasi ya Bambo Sakala, mwachangu, nditaima kutsogolo kwa windo
- dimba la sukulu, phando lililonse
- tiyi

Giredi Wanu ili kumapeto kwenikweni kwa khonde. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka.

Lachisanu

Wafika! Kabudula wa khaki, masokosi ofika m'mawondo, mawondowo ofiira ngati mapapaya. Wansangala, woyenda mothamanga. Tiyi wakana.

Kwa Misi Chanda: mapulezidenti awiri aja asankha lero lomwe kuti amenyane. Mlendo akulemba m'kabuku.

Kwa Bambo Sakala: nyuzipepala abisa, ndithokoze. Koma chitsekerero china chauluka n'kukatera pa khutu la mlendo. Akuchitola, akuchinunkhiza, akundiyang'ana. Akulembanso, nthawi ino motalika. Magetsi aja ndikuwaona akuzima limodzilimodzi, mpopi ukuuma.

Ndikumukokera kudimba. Tili pa kabichi woyamba.

A, e, i, o, u!

Akutukula mutu ngati galu wamva kalulu. Akuyamba kuyenda. Ndikumuuza kuti kuli anyezi wabwino kwambiri uku. Sakumva. Akundigwira pamkono mwachibale, akundikoka khonde lonse, ndipo ndisanapeze ndi mpata wotsokomola, tili m'kati. Ine, m'kalasi ya apongozi, iwo alimo!

Choko chagwa pansi. Ndikumva zidendene zikuthamangira kumbuyo kwa kalasi. Ndi kangodya ka diso ndikuona akukokera mpango kumaso, akukhala pansi penipeni pakona, chammbali, zii. Ine ndikubwerera pakhomo, ndikuyang'ana malata, ndikuwerenga misomali.

Ana, posowa mphunzitsi kutsogolo, atembenuka pa mabenchi kumufunafuna. A mzere woyamba ayang'anana ndi a wachiwiri, a wachitatu ndi a wachinayi. Timagulu! Phokoso sangachite, amawadziwa mwini kalasi. Akungonong'onezana, akulozerana pa masileti, uyu akuti iyi ndi o, uyo akuti ayi ndi a, wina akufufuta ndi malovu n'kumulembera mnzake.

Mlendo wangoti kukamwa yasa. Akuyenda chonyang'ama kupita kukona, akuwerama, akufunsa apongozi kuti anayamba liti kuphunzitsa chotere. Iwo sangatulutse mawu mkamwini ali pomwepo. Akukodola kamtsikana kena, akukanong'oneza, kamtsikanako n'kuima n'kuyankha m'malo mwawo.

Mlendo wagwira kumutu! Akubwera kwa ine maso akuwala. Akuti wayenda masukulu a ku Ndola ndi a ku Kitwe kuno, sanaonepo zotere. Mphunzitsi wodzichepetsa mpaka kukhala pansi, wosalankhula, wopereka mawu onse kwa ana! Akuti ngakhale kwawo amangozilemba m'mabuku. Ndipo ine, akuti, ndine mtsogoleri weniweni, chifukwa ndaima pakhomo osalowerera, osayang'ana n'komwe, kusonyeza kuti aphunzitsi anga ndimawakhulupirira.

Pakhonde Bambo Sakala atsamwa ndi fodya. Misi Chanda waluma mpango wake wa m'manja.

Ndiyenera kunena zoona, ndine mwana wa mpingo. Ndikutsegula pakamwa. Patuluka mawu akuti zikomo bwana.

Mlendo akuti makalasi enawo adzaphunzira kwa mayiyu. Akuti makiyi ndingathe kutenga, kalata idzandipeza ndili m'nyumbamo. Makiyi! Akuwonjezera kanthu kena ali kale m'galimoto: kuyambira sabata ya mawa, Lachisanu lililonse azibweretsa aphunzitsi a ku Mindolo ndi a ku Ndola kudzaonera kalasi imeneyi, ndipo ine ndiziima pakhomo pomwe paja, chimodzimodzi.

Galimoto isanafike ndi pachipata pomwe: a, e, i, o, u!

Loweruka

Makiyi ali m'thumba, ndikuwaliza dala poyenda. Tonse tapita kukaona nyumba. Enelesi akutsegula mpopi, akutseka, akutsegula, akululutira. Ana akuyatsa ndi kuzimitsa magetsi masana dzuwa likuswa mtengo. Ine ndagona chagada pa simenti ya pabalaza, pakati penipeni, miyendo uku ndi uku. Pabalaza! Munthu amene kwa apongozi pabalaza ndimangopadutsa ngati wakuba!

Mumtengo mwatsala mango atatu, aawisi.

Bambo Sakala adutsa pa njinga kudzandiyamikira. Akuti aphunzitsi onse akambirana ndipo njira yatsopano aimvetsa tsopano. "Ngati mukufuna kuti nanenso ndizikhala chete pakona, aHedi, ana aakazi ndili nawo. Sankhanipo mmodzi." Ndodo zawo akuti ndisavutike kubweza, mabulosi aphukanso.

Madzulo Enelesi akundikokera pambali, nkhope ikuwala. Akuti amayi akondwa. Zaka zonsezi akuphunzitsa, palibe wa boma anawayamikirapo, lero mzungu wachita kuwaweramira chifukwa cha mkamwini wawo. Akuti shuga uja nayenso wafika. Akuti mawa tikachokera kutchalitchi, tambala afa.

Tambala wanga! Ndikuvina pabwalo, msana ndauiwala. Mawa ndikhala nawo pamphasa imodzi, ndiwaona kumaso, ndiwauza kuti zikomo pondilerera mkazi, pondisunga m'nyumba mwawo osadandaula. Ndakhala ndikuwasunga mawu amenewa m'kamwa mpaka achita nkhungu.

Ndili pakati pa kuvina, mwendo uli m'mwamba, ndikukumbukira Lachisanu.

Manyazi akatha, ine n'kulowa m'kalasi ndi alendo, apongozi adzachita chiyani? Adzandipatsa moni mwansangala, n'kutembenukira kubolodi. A, e, i, o, u, pamaso pa Mindolo ndi Ndola yense. Mzungu adzatulutsa kabuku kake. Makiyi adzabwerera kumene anachokera.

Ndatsitsa mwendo. Tambala kapena mpopi. Mapanga awiri avumbwitsa.

Lamlungu

Ulaliki wa lero sindinaumve. Amayi a mpingo akandiona akuika manja kumbuyo n'kuyamba kutsimphina.

Ndikupempha Enelesi kuti akawauze amayi ake kuti tambala ayambe wadikira. Wakana. "Ine zotumidwa ndatopa nazo, atate ake a Dalitso. Mawu anu akayenda ndi munthu amafika atavala zina. Kauzeni tambalayo."

Wanena moseka, koma ine ndapita.

Kuseri kwa nyumba, tambala wamangidwa mwendo pa mtengo wa papaya, pangodya penipeni. Mbali inayo ya khoma ndikumva mpeni ukunoledwa pamwala. Ndikutsokomola. Mpeni waleka. Zidendene sizinathawe.

Ndikunjuta pansi, ndikuyang'ana tambala m'maso. Ndikumuuza zonse, mokweza pang'ono. Kuti palibe chimene ndikufuna padziko pano kuposa kumudya iyeyo lero. Kuti koma akafa, Lachisanu ndathera pomwepo, ndipo adzukulu a eni akewo abwerera m'kachipinda ka kumbuyo. Kuti njira yanga yatsopano yatsala ndi mwendo umodzi wokha woimirapo, ndipo mwendowo ndi manyazi a apongozi anga.

Tambala akundiyang'ana ndi diso limodzi.

Kenako kuseri kwa khoma kukumveka kuseka. Kuseka kwenikweni, kochokera m'mimba, kofanana ndi kwa Enelesi. Sindinadziwe kuti anakutenga kwa iwo.

"Iwe tambala, wapulumuka. Uwauze atate ake a Dalitso kuti Lachisanu ndi lawo, ndizikhala pakona mpaka atatopa alendo awowo. Masiku enawo ndi anga, ndipo mabenchi anga asawakhudzenso, adzathyoka msana."

Ndikumuuza tambala kuti zamveka.

"Uwauzenso kuti akutenge, ukakhale kwawo kwatsopanoko, uzikawadzutsa. Mzungu akadzabwerera kwawo tidzakudya. Ndipo uwauze kuti munthu amene watsokomola pakhomo panga zaka zonsezi osaphonya ndi tsiku limodzi, mwana wanga ndinamupereka pabwino."

Ndikumasula tambala pa mtengo wa papaya.

Ndiye zatha chonchi. Njira yatsopano izigwira ntchito tsiku limodzi pa sabata, m'kalasi imodzi, ine nditayang'ana malata. Bambo Sakala ali ndi mabulosi awo. Zitsekerero ndikazikwirira kudimba. Tambala ndizimupatsa chimanga chabwino ndi kumupempherera kuti chitopa chimulambalale, ndipo abusa akabwera kudzadalitsa nyumba ndimubisa kubafa.

Dzuwa litapendeka ndamunyamula kukhwapa, ndayenda naye kuchokera ku Buchi mpaka kusukulu, kuti akaone kwawo. Katundu tisamutsa mawa. Ndafika pakhomo pa nyumba yanga, ndatulutsa makiyi anga, ndipo ndisanalowetse kiyi pachitseko ndadzimva ndikutsokomola.

Ndaima pamenepo, ndikudikira zidendene. M'nyumbamo munalibe wotuluka.